Kabokosi koyera kadanitsa anthu: gemu yakale ikukana pulazima

Anzanga a pamsika, sabata ino tiiwale kaye za mtengo wa shuga ndi za chiphaso cha khonsolo. Pali kabokosi kena kakang'ono, koyera, kosaposa paketi ya ndudu, kamene kayamba kudanitsa ogulitsa zamagetsi ndi makasitomala awo kuyambira pa boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Kamabwera m'katundu wa ku Kariakoo ku Dar es Salaam, wa ku Joni, ngakhalenso wa m'mashopu a ku Lilongwe, ndipo pamwamba pake pamalembedwa AV2HDMI.

Wokagula kawirikawiri amakhala mnyamata wa nyumba ya magemu, uja amaseweretsa anzake mpira wa pa kanema m'kachipinda ka malata kuseri kwa msika. Wasunga tindalama, wagula TV yatsopano yopyapyala ija tonse timangoitcha pulazima, wafika nayo pamalo pake, ndiye wapeza kuti PlayStation 2 yake ilibe polowera. Mabowo atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira, kulibe. Akabwera pa benchi panu mumampatsa kabokosi, iye n'kupereka ndalama. Mawa lake m'mamawa ndi uyo, nkhope ili gwa: "Achimwene, mwandigulitsa chakufa."

Nthawi zambiri kabokosiko sikanafe ayi. Tiyambe ndi zophweka. Timabokosi timeneti tilipo tamitundu iwiri, ndipo timafanana ngati mapasa. Kena ndi AV2HDMI, kamene kamatenga chithunzi cha makina akale n'kuchipititsa ku TV yatsopano. Kena ndi HDMI2AV, kamene kamatenga chithunzi cha dikoda yatsopano n'kuchipititsa ku TV yakale. Kalikonse kamayenda njira imodzi basi, ngati madzi a mu Bua, sabwerera kumtunda. Mukampatsa munthu wa gemu HDMI2AV, ngakhale atapemphera usiku wonse, TV izingoti bii. Chachiwiri, kabokosika kamadya magetsi. M'paketi mwake mumakhala kachingwe ka USB koti kalowe mu chaja ya foni kapena kumbuyo kwa TV. Anthu ambiri amakataya poganiza kuti ndi basera. Werengani zolembedwa pamabowo, pali Input ndi Output, ndipo muuzeni kasitomala za kachingweko asanachoke. Theka la milandu ithera pomwepa.

Theka linalo ndiye lovuta, chifukwa chithunzi chimabwera ndithu koma mwini gemu sakondwa. Osewera mpira akuoneka onenepa ngati abwana a ku Capital Hill, mitundu yasuluka, manambala a pamalaya sakuwerengeka. Choipitsitsa, ukadina batani kuti wosewera amenye mpira, iye amayamba waganiza kaye. Anyamata amene amalipira kuti asewere sachedwa kuzindikira. Amangoti "padi yakoyi ndi yolemera", mawa apita kwa mnzako wa TV yakale yokhala ndi chimsana kumbuyo. Walira mvula walira matope. Munthu wawononga ndalama kuti malo ake aoneke amakono, makasitomala n'kuthawira kwa amene sanagule kanthu.

Kuti timvetse chimene chikuchitika, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ife aMalawi tinachedwa nayo kanema. M'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. TV zimene zinalowa m'dziko muno zaka zimenezo zisanafike zinkabwera kudzaonetsa matepi a vidiyo ndi magemu, ndiye chifukwa chake mabowo atatu aja tinawadziwa tisanaidziwe eriyo. Chingwe chachikasu chimanyamula chithunzi chonse, kuwala ndi mitundu zitasakanizidwa mu waya umodzi. Choyera ndi chofiira ndi za mawu.

TV ya chimsana imalemba chithunzi ngati mmene mlimi amaunga mizere ya chinangwa, mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako wotsatira, mpaka pansi. Njira imene tinkatsata kuno, yotchedwa PAL, ili ndi mizere 625, ndipo yooneka ndi 576. Ya ku America ndi ku Japan, yotchedwa NTSC, ili ndi mizere 525, yooneka 480. Koma TV siilemba mizere yonse kamodzi. Imayamba ndi woyamba, wachitatu, wachisanu, ikafika pansi n'kubwerera kudzadzaza wachiwiri, wachinayi, wachisanu ndi chimodzi. Imachita zimenezi ka 50 pa sekondi kwa PAL, ka 60 kwa NTSC, ndipo diso limangoona chithunzi chimodzi.

Tsono opanga magemu akale anachita kaukathyali. Makina monga Famicom ya Nintendo ya mu 1983, Mega Drive ya Sega ya mu 1988 ndi PlayStation yoyamba ya mu 1994 nthawi zambiri sankajambula mizere yonseyo. Ndiye ankainyenga TV kuti izingobwereza mizere yomweyomweyo, pafupifupi 240, n'kusiya timipata takuda pakati. TV yakale sinkafunsa. Chimene yalandira, imalemba nthawi yomweyo, osasunga, osadikira. Mukadina batani, chithunzi chotsatira chili kale pagalasi.

Pulazima ndi nyama ina. Galasi lake lili ndi timadontho towerengeka tosasuntha. Zambiri za mainchesi 32 zotsika mtengo zili ndi mizere 768, zazikulupo 1080, ndipo za 4K zili ndi 2160. Ikalandira mizere 240 iyenera kuikoka kuti idzaze galasi lonse, ngati kukoka kansalu ka mwana kuti kafunde munthu wamkulu. Ndiye TV zambiri zatsopano, pamodzi ndi kabokosi koyera kaja, sizidziwa za ukathyali wa opanga magemu. Zimaganiza kuti zalandira theka la chithunzi cha wailesi ya kanema, zimadikira theka linalo, n'kuyamba kuzilukana pamodzi ndi kuzisalaza. Kulukako ndi kumene kumapaka chithunzi matope, ndipo kudikirako ndi kumene kumalemeretsa padi. Tawerengani nokha. Pa PAL chithunzi chilichonse chimakhala gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi. Kabokosi kakachedwetsa zithunzi ziwiri, TV n'kuwonjezera zitatu, zakwana zisanu, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Poonera filimu ya chi Nigeria simungadziwe n'komwe. Pa Mortal Kombat kapena Tekken, mwamenyedwa kale.

Za kunenepa kwa osewera ndi nkhani yaing'ono. TV yakale inali ya 4:3, pafupifupi yofanana mbali zonse, pomwe yatsopano ndi ya 16:9, yotambalala. Lowani mu menyu ya TV musankhe 4:3, mulole mizati iwiri yakuda m'mbali. Ndikudziwa, mwini pulazima amamva kuwawa kuona galasi limene analipira likukhala lopanda ntchito m'mbalimo. Koma mpira wozungulira ndi wabwino kuposa wooneka ngati dzira. Muli mu menyu momwemo, funani pamene palembedwa Game Mode. TV ikakhala nayo, imasiya zokongoletsa zambiri ndipo kuchedwa kumachepa. Izi ndi zaulere, ndipo wogulitsa amene angazisonyeze kwa kasitomala wagula munthu wa chaka chonse.

Musaganize kuti vutoli ndi la kuno kokha. Kunja kuli anthu, ambiri a iwo madoda a imvi amene anali ana m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amene amasunga magemu akale monga ena amasungira nkhunda. Vutoli linawapweteka mpaka anayamba kupanga makina awoawo. Kampani ya ku Japan ya Micomsoft inatulutsa bokosi lotchedwa Framemeister, limene linalamulira msika umenewu kwa zaka zingapo kufikira analeka kulipanga. Katswiri wina wa ku Finland, Markus Hiienkari, anapanga OSSC, n'kuika mapulani ake poyera kuti aliyense wodziwa athe kupanga. Nzeru yake ndi yosavuta kuimva. M'malo modikira chithunzi chonse, OSSC imatenga mzere uliwonse ukangofika n'kuulemba kawiri, katatu, mpaka kasanu. Mizere 240 kuchulukitsa katatu ndi 720, imene TV yatsopano imaidziwa bwino. Palibe kudikira, palibe kuluka. Koma chingwe chachikasu OSSC siilandira, imafuna zingwe zabwinopo.

Ku America kuli Mike Chi, amene amapanga mabokosi otchedwa RetroTINK. Loyamba lotchuka, RetroTINK 2X, linatuluka mu 2018 ndipo limalandira ngakhale chingwe chachikasu chija. Mu 2021 kunabwera 5X, kenako kumapeto kwa 2023 kunatuluka RetroTINK 4K pa mtengo wa madola 750. Khalani pansi kaye. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndi pamene kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, bokosi limeneli ndi ndalama zoposa K1.3 miliyoni. Simunalipire ndege, simunaonane ndi a MRA, ndipo tonse tikudziwa kuti dola ya kubanki imaoneka pa pepala pokha. Ndalama zimenezo munthu wa ku Chia angaganize za bwato ndi ukonde.

Nanga bokosi la K1.3 miliyonilo limachita chiyani chodabwitsa? Mwa zina, limajambula timizere takuda tija pakati pa chithunzi, ndi kutsanzira timadontho ta galasi la TV yakale, kuti pulazima ya 4K izioneka ngati TV ya chimsana. Mwamva? Anthu akulipira mtengo wa bwato kuti TV yatsopano ifanane ndi chimene ife tikuika nkhuku kuti ziikiremo mazira. Sony inasiya kupanga machubu ake otchuka a Trinitron mu 2008, makampani ena nawo anatseka mafakitale, ndipo lero okonda magemu akale ku Ulaya ndi ku America amasakasaka TV zimenezi, makamaka zija zinkagwira ntchito m'nyumba zoulutsira kanema. Sindikunena kuti mzungu abwera pa Ilala kudzagula TV ya agogo anu, musayambe kukweza mitengo. Ndikunena kuti kwa mwini nyumba ya magemu amene ali ndi PlayStation 2, TV ya chimsana yogwira bwino ndi chida cha ntchito choposa pulazima iliyonse ya pamsika pathu, ndipo kuigulitsa motaya kuti agule yopyapyala ndi kugulitsa khasu kuti ugule tayi.

Pali china chimene ngakhale bokosi la madola 750 silingakonze. Mukukumbukira timakina totsika mtengo tija ta makatiriji achikasu, tobwera ndi mfuti ya pulasitiki yowombera abakha? Tinali totsanzira Famicom. Mfuti ija siitulutsa kanthu, imangoona kuwala. Mukakoka, TV imada kwa kamphindi n'kuonetsa kabokosi koyera pamene pali bakha, ndipo mfuti imayang'ana kuwalako pa nthawi yake yeniyeni. Pulazima imachedwa, mfuti imapeza mdima, bakha n'kumapita akuseka. Kasitomala akabwera kudzadandaula za mfuti, musamugulitse kabokosi kalikonse. Muuzeni asunge TV yakale.

Koma tisanamizane, chimsana chili ndi mavuto ake, ndipo anthu a kunyanja kuno akuwadziwa. Choyamba ndi magetsi. TV ya chubu ya mainchesi 21 imadya pafupifupi kawiri kuposa yopyapyala ya mainchesi 32. Amene ali pa ESCOM amaziona pa mayunitsi. Amene ali ku madoko ndi m'midzi ya asodzi kumene kuli sola ndi batire ndiye safuna n'kumva komwe, chifukwa TV zopyapyala zina zimalowa mwachindunji pa batire ya mavoti 12 popanda inivetala. Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ambiri anaphunzira kuti bizinesi ya kanema imayenda ndi batire. Chachiwiri ndi kulemera, yesani kuikweza pa kabaza. Chachitatu ndi zipangizo. Ikapsa thiransifoma ya mkati ija, wokonza amachita kuchotsa pa TV ina yakufa, poti zatsopano zikusowa. Ndiye amene wagula pulazima chifukwa cha batire sanalakwe. Funso ndi lakuti aithandize bwanji PlayStation yake popanda madola 750.

Apa mvetserani bwino, inu ogulitsa, chifukwa ndi pamene pali malonda. PlayStation 2 inatuluka m'chaka cha 2000, anaigulitsa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, ndipo analeka kuipanga cha kumayambiriro kwa 2013. N'chifukwa chake siisowa m'katundu wa kaunjika. Makina amenewa amatha kutulutsa chithunzi chabwino kuposa cha chingwe chachikasu. Pali chingwe china cha mitu isanu: yobiriwira, yabuluu ndi yofiira za chithunzi, kenako yoyera ndi yofiira za mawu. Chimalekanitsa kuwala ndi mitundu, ndiye manambala a pamalaya amawerengeka. TV ikakhala ndi mabowo asanu amenewa kumbuyo, kabokosi sikafunika n'komwe. Ikakhala ilibe, pali kachida kena kolembedwa PS2 to HDMI kolowa kumbuyo kwa gemu mwachindunji, ndipo kamatenga chithunzi cha mitu isanu chomwechi. Nako kamafuna magetsi a USB. Koma pali msampha. Mu menyu ya PlayStation 2, pa System Configuration, pali mzere wa Component Video Out, ndipo uyenera kukhala pa Y Cb/Pb Cr/Pr, osati pa RGB. Ukakhala pa RGB, TV imangoda kapena kubiriwira, munthu n'kuganiza kuti kachidako ndi kakufa. Sinthani mzerewu pa TV yakale ndi chingwe chachikasu musanalumikize. Dziwaninso kuti mukaika chimbale cha PlayStation yoyamba m'makina omwewo, mizere 240 ija imabwerera, ndipo TV zina zimakana kuonetsa.

TV zina zatsopano zimabisa njira ya chingwe chachikasu. Pena bowo lobiriwira limagwira ntchito ziwiri, ndipo mukalowetsamo chachikasu koma pa rimoti n'kusankha Component m'malo mwa AV, chithunzi chimabwera chopanda mitundu. Pena pali kabowo kamodzi kofanana ndi ka mahedifoni kolembedwa AV In, kofuna kachingwe kake kamene kamabwera m'katoni. Timazingwe timeneti timasiyana kalumikizidwe ka mkati malinga ndi kampani, ndiye ka TV ina sikagwira pa inzake ngakhale kalowe bwinobwino. Musanagulitse kabokosi, tembenuzani TV muone. Mwina njira ilipo kale.

Kwa achimwene okonza mawailesi, amene amakhala ndi chowotcherera mtovu pa khonde la msika, pali ntchito ina imene ndikuona kuti ikanatheka kuno. Pali bolodi lotchedwa GBS-8200, limene linapangidwira makina a magemu a m'mabala kuti azigwira ndi sikirini ya kompyuta. Kunja limagulidwa madola 20 kapena 30. Palokha si labwino kwenikweni, koma okonda magemu analemba pulogalamu yaulere yotchedwa GBS-Control. Umawotcherera kachipangizo kakang'ono ka ESP8266 ndi mawaya ochepa, n'kuikamo pulogalamuyo, ndipo bolodilo limayamba kuzindikira mizere 240 ndi kuchepetsa kuchedwa kwambiri. Limalandira chingwe cha mitu isanu, lachikasu ayi, ndipo limatulutsa chithunzi pa bowo labuluu la VGA. Tsono masikirini akale a kompyuta a VGA ali mbwee m'mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ambiri ndi ofanana mbali ngati TV yakale, ndipo sadya magetsi ambiri. Mawu okha ndiwo muyenera kuwapezera sipika yapadera. Mnyamata wodziwa kusintha kabowo kochajira ka foni ntchito imeneyi siingamukanike.

Mawu awiri a chenjezo, poti ndalama zimapsa mwachangu kuposa mmene zimabwerera. Magetsi athu ndi a mavoti 230. PlayStation yoyamba ndi PlayStation 2 yaikulu ija zochokera ku America zimafuna 120, za ku Japan 100. Werengani kumbuyo musanalowetse pakhoma, apo ayi mumva kuti phu, ndi kafungo. Yopyapyala ya adaputala yakunja nthawi zambiri imalandira kuyambira 100 mpaka 240, koma werenganibe. Ndipo gemu ya NTSC pa TV yakale yodziwa PAL yokha imaonetsa chithunzi chopanda mitundu kapena chogudubuzika, umenewo si ufiti wa mnzanu wa benchi loyandikana.

Chenjezo linalo ndi la chimsana chenichenicho. Mkati mwa TV ya chubu mumakhala mavoti oposa 20,000, ndipo amatha kutsalamo ngakhale mwazimitsa ndi kuzula pulagi. Ana asamatsegule pofuna waya wa kopa. Galasi lake lili ndi mtovu wambiri, ndiye ikafa osakaiponya mu dambo kapena m'mphepete mwa nyanja mmene tikuvuulamo usipa ndi chambo chomwe tikugulitsa tokha. Ipititseni kwa wokonza, adzachotsamo zothandiza TV ina. Chinyezi cha kunyanja kuno nachonso chimachititsa dzimbiri mabowo aja, moti chithunzi chikayamba kuthothoka, yambani mwapukuta mitu ya zingwe musanaweruze makina.

Za ana a sukulu opezeka m'nyumba za magemu nthawi ya maphunziro tidzakamba tsiku lina, ndipo eni malo musaganize kuti ndaiwala. Lero pempho langa ndi la kwa inu a mabenchi a zamagetsi. Sungani pa benchi gemu imodzi yakale ndi ka TV kakang'ono koyesera. Kasitomala akafuna kabokosi, mufunseni mafunso atatu: makina ake ndi ati, kumbuyo kwa TV yake kuli mabowo anji, ndipo akufuna kuonera mafilimu kapena kusewera. Wa DVD ndi wa dikoda yakale mpatseni AV2HDMI, akasangalala nako. Wa PlayStation 2 muyambe mwamuonetsa chingwe cha mitu isanu. Wa mfuti ya abakha mulozereni kwa wokonza mawailesi amene ali ndi chimsana chogulitsa, ndipo mukagwirizane naye za kangachepe kanu madzulo.